Mafuta a m'mimba ndi ubongo: zimene chingwe chimodzi chingakuuzeni

Mbatatesi, nyemba ndi fodya zikagulitsidwa, ku Ntengo-Wambalame munthu amene chaka chamuyendera bwino sasowa. Wagula njinga yamoto, wafolera nyumba ndi malata, ndipo lamba wa buluku wayamba kumangidwira pa bowo lomaliza. Anzake pamsika amamuseka mwaulemu kuti, "Achimwene, tsopano mwayamba kuoneka ubwana." Mayi akanenepa, akwawo amayamikira mkamwini kuti akusunga bwino mwana wawo.

Maganizo amenewa sanangobwera. Tinaiona njala, ndipo tinaona zaka zija pamene munthu akayamba kuonda anthu ankanong'onezana za maliro, mankhwala a ma ARV asanafike. Kwa ife thupi lodzaza linakhala umboni wa moyo. Koma madokotala akhala akupeza kuti mafuta ounjikana pamimba, makamaka munthu ali ndi zaka zapakati pa 40 ndi 60, amayendera limodzi ndi mavuto a ubongo amene amadzaonekera pambuyo pake: kufa ziwalo mwadzidzidzi, kumene achipatala amati sitiroko, ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba. Mimba ili pansi, mutu uli pamwamba. Zikukhudzana bwanji?

Mafuta si amodzi

Amene anatumbulapo nkhumba kapena mbuzi yonenepa akudziwa kale theka la nkhaniyi. Pansi pa chikopa pamakhala mafuta ena. Koma mukang'amba mimba mumapezanso ena oyera, oyala pa matumbo ngati ukonde, ena atamata impso. Munthu nayenso ndi chimodzimodzi. Mafuta a pansi pa khungu ndi aja mungawatsine ndi zala, a m'ntchafu, m'matako ndi m'mikono. Amenewa amangokhala ngati nkhokwe, ndipo savuta kwambiri. Ovuta ndi a m'kati, ozinga matumbo ndi chiwindi. Simungawatsine. Amakankha mimba kuchokera m'kati, n'chifukwa chake chimimba cha abambo ambiri chimakhala cholimba ngati ng'oma, miyendo ili yowonda.

Mafuta a m'katiwa sagona. Usana ndi usiku amatulutsa timafuta ndi timadzi tina tolowa m'magazi, ndipo mtsempha waukulu wochokera ku matumbo umatengera zonsezi molunjika ku chiwindi. Chiwindi chikathodwa nazo chimayamba kusunga mafuta nachonso, ndipo thupi limasiya kumvera insulini, madzi a m'thupi amene amalowetsa shuga m'minofu kuti agwire ntchito. Shuga amatsalira m'magazi. Apa ndi pamene pamayambira matenda a shuga a anthu akuluakulu. Timadzi tomweto timayambitsanso kutupa kwa m'kati kumene munthu sakumva, konga moto wa pa mulu wa mankhusu umene umanyeka pansipansi masiku ambiri osaonetsa malawi. Magazi nawo amayamba kuthamanga kwambiri, vuto limene ena amati BP, ena tensão.

Njira yofikira kumutu

Ubongo ndi waung'ono. Pa kulemera kwa thupi lonse umangotenga magawo 2 pa 100, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu atapuma. Ulibe nkhokwe yakeyake. Chakudya ndi mpweya zimaufika mphindi iliyonse kudzera m'timitsempha tambirimbiri, tina topyapyala kuposa tsitsi.

Alimi a m'madimba a m'mapiri a Tsangano amvetsa msanga. Madzi akachoka pa mtsinje amayenda mu ngalande yaikulu, kenako n'kugawikana m'tingalande topita ku mizere. Madziwo akamabwera ndi mphamvu yopitirira, tingalande timagumuka. Akamabwera ndi matope, timatsekeka. Mzere wa kumapeto umafota mwini munda asanazindikire, chifukwa akayang'ana kumtunda akuona kuti madzi akuyenda. Ndi zimene kuthamanga kwa magazi ndi shuga zimachita mu ubongo. Timitsempha timauma, timachepa, tina timatsekeka, ndipo kadera kakang'ono ka ubongo kamafa munthu osamva kupweteka kulikonse. Zikachitika kamodzi palibe chooneka. Zikachitika kambirimbiri kwa zaka 20, munthu amayamba kuchedwa kuganiza, kusokoneza mawerengero a ndalama zimene kale ankawerengera pamtima, kuyenda modzikoka. Mtsempha waukulu ukatsekeka kapena kuphulika, ndiye sitiroko ija: dzulo anali kumunda, lero mkono ndi mwendo sizikugwira, pakamwa papotoka.

Palinso njira ina imene timaiseka. Munthu wa chimimba ndi khosi lalikulu kawirikawiri amaliza mkonono, ndipo ena mpweya umaima kaye kwa kanthawi ali m'tulo, kenako n'kudzidzimuka ngati wotsamwa. Usiku umodzi zimenezi zingachitike kambirimbiri. Ubongo umaperewera mpweya, magazi amathamanga, ndipo m'mawa munthu amadzuka wotopa, mutu ukuwawa, masana n'kumasinza pa benchi. Amayi amene amagona pafupi ndi bambo wotere ndi amene amadziwa zoona zake, ndipo ndi bwino akanene kuchipatala.

Zimene ofufuza anapeza

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi anachitikira ku California, m'dziko la America. Pakati pa 1964 ndi 1973 achipatala anayeza mimba za anthu 6,583 a zaka 40 mpaka 45. Patapita zaka pafupifupi 36, gulu lotsogoleredwa ndi Rachel Whitmer linafufuza m'mabuku a chipatala kuti lione amene anadwala matenda oiwalaiwala, ndipo linalengeza zotsatira zake mu 2008. Anthu amene anali ndi mimba zazikulu kwambiri ali ndi zaka za m'ma 40 anapezeka ndi matendawa pafupifupi katatu kuposa a mimba zazing'ono kwambiri. Chodabwitsa chinali chakuti ngakhale amene sikelo inkati kulemera kwawo kuli bwino, koma ali ndi chimimba, chiopsezo chawo chinali chokwera ndithu. Sikelo siuza zonse.

Mu 2019, ku Britain, Mark Hamer ndi David Batty anayang'ana zithunzi za ubongo wa anthu 9,652 zojambulidwa ndi makina a MRI. Anthu onenepa thupi lonse amenenso anali ndi mimba zazikulu anali ndi gawo lotuwa la ubongo, limene limagwira ntchito yoganiza, locheperako poyerekeza ndi a thupi labwinobwino. Kusiyana kwake kunali kwa masipuni a tiyi awiri ndi theka basi. Tisakokomeze: palibe amene ubongo wake unafota n'kutsala ngati nsawawa. Ndiponso kafukufuku wa mtundu umenewu amaonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, osati kuti china ndicho chokhacho chobala chinzake. Munthu wa chimimba nthawi zambiri ndi yemweyo amene sayenda pansi, amamwa mowa, ali ndi BP. Koma umboni wochokera m'mayiko osiyanasiyana ukuloza kumodzi.

Pa za sitiroko, dziko lathu linawerengedwa nawo. Kafukufuku wotchedwa INTERSTROKE, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2010, anachitika m'mayiko 22 kuphatikizapo Mozambique. Anapeza kuti zinthu 10 zokha ndizo zimabweretsa pafupifupi sitiroko 9 mwa 10 zilizonse. Patsogolo pa zonse panali kuthamanga kwa magazi, ndipo kukula kwa mimba kunali m'gulu lomwelo limodzi ndi fodya, kusagwiritsa ntchito thupi, kadyedwe, shuga ndi mowa. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linawerengera kuti pafupifupi 45 pa 100 ya matenda oiwalaiwala padziko lonse angapewedwe kapena kuchedwetsedwa pothana ndi zinthu 14, ndipo kunenepa kwambiri, BP, shuga, mowa ndi fodya zili momwemo.

Kodi si matenda a m'tauni?

Ambiri anganene kuti izi n'za mabwana a ku Maputo, ife timagwira khasu. Pali choonadi pamenepo. Munthu wopalira tsiku lonse ndi kusenza matumba kukwera nawo phiri saunjika mafuta m'mimba msanga. Koma tayang'anani amene akutukuka pakati pathu. Mlimi akapeza bwino amalemba aganyu, iye n'kumayang'anira ataima. Ulendo wa ku Lizulu kapena ku Biriwiri umene kale unali wa pansi kapena wopalasa njinga, lero ndi wa njinga yamoto. Wogulitsa mu okala, wosintha ndalama pamalire, woyendetsa galimoto, mayi wokhala pa benchi ya tomato kuyambira m'mawa mpaka madzulo, onsewa ndi anthu a kumudzi konkuno. Chakudya cha masana ndi chipisi cha pa chiwaya, chokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza, chothiridwa mchere wambiri, chotsikira ndi botolo la chakumwa chotsekemera. Madzulo mowa.

Manambala a dziko lino akuonetsa komwe tikulowera. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO, amene dokotala wa mtima Albertino Damasceno wa ku Universidade Eduardo Mondlane anagwira nawo, anapeza mu 2005 kuti anthu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Atabwereza mu 2014 ndi 2015, chiwerengero chinafika pa 39. Nthawi zonse ziwirizo, odziwa kuti ali ndi vutoli anali pafupifupi 15 okha mwa odwala 100. Pa zaka 10 zomwezo, amayi okhala ndi mimba yopyola muyezo anachoka pa mmodzi mwa 10 kufika pa mmodzi mwa 5. Kutsidya ku Malawi, kafukufuku wa ku Karonga ndi ku Lilongwe wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti amayi 27 pa 100 a kumudzi anali onenepa mopitirira, pamene abambo a kumudzi anali 9 pa 100. Ndiye ngakhale nthabwala za chimimba zimagwera abambo, amayi ndi amene akusenza katundu wamkulu, makamaka akabereka kangapo ndiponso akasiya kusamba, pamene mafuta amasamuka m'chiuno kupita pamimba.

Pali chinthu chinanso chimene chimatikhudza ife a m'malire kuposa ena. Madokotala anaona kuti mwana amene anaperewera chakudya ali m'mimba mwa mayi ake kapena ali wakhanda, akadzakula n'kupeza chakudya chambiri, thupi lake limafulumira kusunga mafuta pamimba ndi kudwala shuga ndi BP. Thupi limakhala ngati linaphunzira kusunga chilichonse poopa njala. Tsono kumbukirani zaka za nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, pamene anthu pafupifupi 1 miliyoni a dziko lino anathawira ku Malawi, ambiri a ku Tsangano, Angónia ndi Macanga n'kukakhala ku Ntcheu ndi ku Dedza. Kumbukiraninso chilala cha 1992. Ana obadwa m'zaka zimenezo lero ali ndi zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo ndi iwowo amene akugula njinga zamoto. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, chingwe chimene tifotokoze m'munsimu ndi chanu.

Agogo akayamba kuiwala

Apa tiyenera kuima pang'ono, chifukwa ndi pamene pamachitikira nkhanza. Matenda oiwalaiwala akakula, munthu amaiwala mayina a zidzukulu, amabwereza funso limodzi kakhumi, amasochera pa njira imene wayendapo moyo wake wonse. Ena amadzuka usiku n'kuyamba ulendo, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni kapena kumanda, mwina osavala bwino, osatha kufotokoza kuti afika bwanji. Mukudziwa zimene anthu amanena zikatero: "Agwa pa ndege ya ufiti." Ndipo chifukwa mutu wasokonekera, agogowo akafunsidwa mwaukali amangovomera chilichonse.

Ameneyo ndi wodwala. Ubongo wake wawonongeka monga mmene maso amachitira khungu kapena mawondo amathera mphamvu. Bungwe la WHO limati padziko lonse pali anthu oposa 55 miliyoni odwala matendawa, ndipo oposa 60 pa 100 ali m'mayiko osalemera ngati lathu. Mozambique ili ndi lamulo loteteza okalamba, Lei 3/2014, ndipo kumenya kapena kuthamangitsa nkhalamba poinamizira ufiti ndi mlandu. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi amene angathe kuletsa gulu lisanatole miyala. Wotereyu apite naye kuchipatala, chifukwa kusokonekera kwina, monga kobwera ndi malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wotsika, kumachizika.

Onaninso kuti nkhani ya kuchepetsa mimba ndi ya anthu a zaka zapakati. Nkhalamba ya zaka 75 isamanidwe chakudya. Pa msinkhu umenewo kuonda kosadziwika chifukwa chake ndiko koopsa, ndipo nthawi zina kumakhala chizindikiro choyamba cha matenda oiwalaiwala omwewo.

Si mimba yaikulu iliyonse ili ndi mafuta

Mimba ikakula m'milungu yochepa, mapazi n'kutupa, maso n'kuchita chikasu, pamene mikono ndi nkhope zikuonda, amenewo angakhale madzi. Zimachitika chiwindi chikawonongeka ndi kachasu, ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, kapena ndi likodzo la m'matumbo. Mtima wofooka ndi TB ya m'mimba zimachitanso zomwezo. Wotere asayambe kudzimana chakudya, athamangire kuchipatala. Mwana wa mimba yotupa ndi tsitsi lofiirira ali ndi vuto la kunyentchera kapena njoka za m'mimba, osati kunenepa. Ndipo amene akumwa ma ARV, ena amaonjezera thupi ndi mankhwala a masiku ano. Osasiya kumwa ngakhale tsiku limodzi. Kauzeni a kuchipatala kuti azikuyezani BP ndi shuga pamene mukukatenga mankhwalawo.

Muyezo wa chingwe

Simufunika sikelo kapena makina. Tengani chingwe chosatamuka, chonga chosokera matumba a mbatatesi. Imani chilili opanda nsapato, wina akuyezeni kuchokera pa liwombo mpaka pansi, adule pamenepo. Pindani chingwecho pakati. Tsopano zungulizani chopindidwacho pamimba, pakatikati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo. Tulutsani mpweya mwachizolowezi, ndipo musakokere mimba m'kati (tikudziwa kuti abambo muyesa). Nsonga zikakumana, muli bwino. Zikalephera kukumana, mimba yanu yaposa theka la msinkhu wanu, ndipo ndi nthawi yochitapo kanthu. Munthu wotalika masentimita 160, mimba yake isapitirire 80. Wa 170, isapitirire 85.

Amene ali ndi tepi ya telala angagwiritse ntchito manambala a WHO: chiopsezo chimayamba kukwera mimba ikapyola masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi, ndipo chimakula kwambiri ikapyola 102 ndi 88. Manambalawa anatengedwa makamaka pa anthu a ku Ulaya, n'chifukwa chake chingwe chili ndi ubwino wake, poti chimayeza munthu ndi msinkhu wake womwe. Mayi woyembekezera kapena amene wangobereka kumene asadziyeze motere.

Chingwe chikakana

Nkhani yabwino ndi yakuti mafuta a m'kati ndi amene amayamba kusungunuka munthu akayamba kugwiritsa ntchito thupi. Mimba imatha kuphwa sikelo isanasinthe kwenikweni. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa mlungu za ntchito yotulutsa thukuta pang'ono, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Kwa ife zimenezi si zothamanga mumsewu ngati osewera mpira. Ndi kubwerera ku khasu m'mawa limodzi ndi aganyu aja, kusiya njinga yamoto pa maulendo apafupi, kuyenda pansi popita ku tchalitchi ndi kudimba. Nyengo yoopsa ndi ya chilimwe, ndalama zili m'thumba, ntchito ya kumunda itachepa.

Pa chakudya, palibe akunena kuti musiye nsima. Koma mitanda inayi ya ufa woyera ikhoza kukhala iwiri ya mgaiwa, mbale ya ndiwo n'kukula: nyemba, khwanya, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, mpiru, kabichi, matemba kapena kapenta wa ku Cahora Bassa. Mbatatesi yophika ndi makoko ake ilibe mlandu, mlandu uli pa chiwaya. Shuga wa mu tiyi atsike, masipuni anayi akhale amodzi, ndipo zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zikhale za pa ukwati, osati za tsiku lililonse. Thobwa lothira shuga wambiri likuwerengedwa pomwepo. Mchere wa tsiku lonse, wa mu ndiwo ndi wothira pambale, usapitirire magalamu 5, amene ndi sipuni imodzi yaing'ono yosasefukira. Mowa umamenya kawiri, umakuza mimba ndiponso umawononga ubongo pawokha, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo. Fodya wosuta ndi wofwenkha amaumitsa mitsempha yomwe ija, ngakhale kwa munthu woonda ngati bango.

Ndalama zanu zisathere pa tiyi ndi mankhwala "osungunula mafuta" ogulitsidwa m'mabasi ndi m'misika. Ambiri amangotsegula m'mimba, munthu n'kutaya madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo ena amapweteka impso ndi chiwindi. Malamba omanga pamimba nawonso amangobisa.

Chachikulu kuposa zonse n'kukayezetsa BP, ngakhale simukumva kudwala, chifukwa vutoli silipweteka mpaka tsiku limene lidzagwetsa munthu. Kuyeza kumatenga mphindi zochepa pa chipatala chaching'ono chapafupi. Manambala akamafika pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyanasiyana, mufunika chithandizo. Pemphaninso kuyezedwa shuga, makamaka ngati mukumva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi usiku. Mukapatsidwa mankhwala a BP, ndi a tsiku lililonse. Ambiri amasiya akangomva bwino, ndipo sitiroko imawapeza pamenepo.

Wina pakhomo akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi n'kulefuka, kapena mawu n'kumatuluka osamveka, musadikire kuti kuche ndipo musayambe ndi kutema mphini. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse, chifukwa kummero kumakhala kutafooka ndipo akhoza kutsamwa. Mugonekeni chammbali, kumbukirani ola limene zayambira, pezani galimoto, ndipo pitani naye kuchipatala chapafupi, kumene angamutumize ku Hospital Rural de Ulónguè kapena ku Hospital Provincial de Tete. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha patapita mphindi zochepa, apite ndithu tsiku lomwelo, chifukwa sitiroko yaikulu ikhoza kutsatira m'masiku ochepa.